Ndere zanga azifutsa

Lachinayi, 14 Ogasiti, kwa Nazombe. Mtima sukukhazikika.

Amayi abwerako kumaliro ku Quelimane, ku Mozambique, atanditengera ndere zofiirira za m'nyanja yamchere zimene ndinawatuma. Kafukufuku wanga wa kuyunivesite wagona pa kuyeza maenzaimu, timapuloteni timene timaphwanya mankhwala otchedwa glaikoleti m'nderezo. Nditamasula jumbo, ndapeza zouma gwa.

"Zikanaola m'njira, mwananga," atero monyadira. "Ndinaziwiritsa n'kuziyanika ngati chitambe."

Enzaimu ikawira, yafa basi. Amayi ndinawafotokozera mtundu wa ndere, koma zoti zifike zaziwisi sindinatchule. Mwina ntchitoyi si yanga.

Aphunzitsi akudikira zotsatira Lolemba, ndipo sindikudziwa poyambira kuwauza. Amayi andifunsa ngati angatapeko pang'ono athire nsinjiro. Ndawauza kuti atenge zonse.