Ndodo za Gofu za Abambo

Nsipe, Ntcheu

Okondedwa bambo aang'ono a Gibson,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni kumeneko. Kuno tilipo, ndipo amayi alimba mtima kuposa mmene tinkaganizira.

Achimwene anu tinawaika Loweruka, misa inachitikira ku Nzama. Maloya anzawo anabwera ambiri kuchokera ku Lilongwe, koma amene anandiliza ndi mabanja awiri a ku Kandeu amene ankafuna kutemana ndi zikwanje polimbirana dimba la kachewere. Ananyamula bokosi pamodzi. Mmodzi anandiuza kuti, "Bambo anu anatikaniza zopita kukhoti, anatikhazika pansi mpaka tinagwirana chanza."

Ine chimene ndikusowa n'chakuti Lamlungu ankazimitsa foni n'kudya nafe, akutiseketsa.

Anayanjanitsa anthu ambiri, koma za kusamvana kuja kwa inu ndi iwo sanazitchulepo, nanenso sindifunsa. Kuchipatala anangoti ndodo zawo za gofu, zija munkasewerera limodzi kale, tisapatse wina aliyense chifukwa ndi zanu.

Amayi akuti sitizitumiza pa basi. Mudzatenge nokha, ndipo ine ndikudziwa kuti mubwera.

Ndine mwana wanu,
Thokozile