Palibe Wolanda kwa Amalume

Lolemba, 3 Malichi

Sitima ya ku East Croydon yachedwanso. Sitima ya pansi ya Jubilee nayo yodzaza, ndaima mpaka ku Wembley Park. Digiri ili mu felemu kunyumba, mwini wake ali mu ofesi kudula makadi ndi sizasi.

Ntchito sindikuida. Kupanga masewera a patebulo ndi zomwe ndinkalota ndili ku yunivesite. Koma malipirowa! Sitima yadya, amayi ndawapatsa ya chipinda, chatsala ndi fungo.

A kampani ya inshuwalansi komwe ndinafunsira ntchito ayankha. Akundifuna. Ndalama yoposa ya pano ndi kutali, ntchito yogwirira kunyumba sabata yonse. Ndiwayankhe pofika pa 31.

Amayi atamva avina m'khitchini, yunifolomu asanavule n'komwe.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndalowa kwa Melissa, bwana wathu. Ndapempha chimodzi mwa ziwiri: andiwonjezere malipiro, kapena masiku awiri pa sabata ndizigwirira kunyumba. Zonse ayi. Akuti ntchito ya masewera ndi yotero kulikonse, iyenso amalandira zochepa kuposa mng'ono wake mphunzitsi. Za kunyumba akuti masewera amayesedwa patebulo, manja ndi nkhope zikuoneka, osati pa laputopu. Ndipo tebulolo lili ku Wembley.

Ngati kuti ku Croydon kulibe matebulo.

Ndanenadi mokweza. Etta, mnzanga wojambula makadi, mpaka kutsamwa ndi tiyi. Melissa wangoti nditenge bokosi limodzi la masewera atsopano a msika ndikayese ndi abale, koma ndisayembekeze kuti liwerengedwa ngati tsiku la ntchito.

Ndatenga. Aona.

Lamulungu, 9 Malichi

Manyazi.

Titaweruka ku tchalitchi ku Peckham, tonse kwa amalume a Biswick. Amayi, anti Justina, Chabala wa ku Lusaka uja woimba kwaya, ndi amalume pampando wawo waukulu. Ndawafotokozera bwinobwino. Aliyense ali ndi benchi yake pamsika. Nthawi yako ikafika umagula, umagulitsa, kapena umalanda khadi limodzi pa benchi ya mnzako. Wa katundu wambiri pomaliza ndiye wapambana. Kukoma kwake konse kuli pa kulandako.

Alandana onse. Anti Justina kwa amayi, amayi kwa ine, Chabala kwa aliyense. Koma kwa amalume, ng'o! Benchi yawo ikungokula ngati ya mmwenye wa ku Limbe. Ndamutsina Chabala pansi pa tebulo. Iye amvekere, "Iwe Mwiza, ine siningatenge kwa ba uncle. Ufuna nife?" Amayi dzanja linafika pafupi ndi makadi a achimwene awo, kenako linakhota n'kukatenga bisiketi.

Amalume apambana ulendo uliwonse. Akuti, "Zosavuta izi. Ndiye amakulipira pa zimenezi, mphwanga?"

Pang'ono, amalume. Pang'ono kwambiri.

Tsiku lapita pachabe. Ndikanena chiyani ku ofesi? Kuti kwathu masewera amafa ndi ulemu?

Lolemba, 10 Malichi

Ndamuuza Etta ngati nthabwala. Sanaseke. Akuti kwawo pa Khirisimasi palibe amene amalanda kanthu kwa bambo ake, chifukwa akaluza amakwiya mpaka Chaka Chatsopano. Ndiye masewera otere anasiya kugula.

Ndaika sizasi pansi.

Amene amayesa masewera mu ofesi muno ndi anyamata a ndevu odziwana kale, olandana mopanda chisoni. Koma pa bokosi talemba kuti ndi a banja lonse. Banja liti? Banja lililonse lili ndi amalume ake.

Mu sitima mutu kuwira. Ndapitirira London Bridge, pomwe ndimasinthira sitima, osazindikira.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndapeza. Munthu asamasankhe yekha womulanda. Lamulo lizinena kuti ulanda kwa amene ali ndi katundu wambiri, basi. Mlandu ukhale wa lamulo, osati wa dzanja.

Ndalemba makadi atsopano ndi cholembera. Melissa sindinamuuze. Aone zotsatira, osati malonjezo.

A inshuwalansi atumiza kalozera wa penshoni. Ndili ndi zaka 23, akundionetsa chithunzi cha agogo ali pa boti. Komabe ndalama ija ndaiyang'ana kawiri. Nsapato yanga yakumanzere ikulowa madzi.

Lamulungu, 16 Malichi

Lero!!

Amalume anafika potivalira tayi, ati katswiri amaoneka. Ndalengeza lamulo latsopano. Masewera ali pakati, benchi yawo yadzaza, nthawi ndi ya amayi. Amayi ayang'ana khadi la lamulo, ayang'ana ine, ayang'ana achimwene awo. Kenako agwada pang'ono, manja awiri, mwaulemu wonse, n'kutenga khadi lawo lamtengo kwambiri.

"Si ine, achimwene. Ndi lamulo."

Anti Justina misozi mbwembwembwe ndi kuseka. Chabala naye walanda, akupepesa uku akuvina. Amayi sindinawaonepo choncho. Ankachita kudikira nthawi yawo ngati mwana wodikira maswiti. Pobwerera mu basi andiuza kuti amalume ankawalanda mango ali ana ku Ntcheu, ndipo lero ndi pomwe abweza.

Amalume athera pomaliza. Avula tayi. Akuti lamuloli ndi la chipongwe, tibwereze sabata yamawa.

Ndajambula pafoni, onse avomera. Amalume ati bola nkhope yawo ioneke bwino.

Lachiwiri, 18 Malichi

Melissa waonera kanemayo. Chichewa sakumva, koma pa kugwada kwa amayi waimitsa n'kubwereza. Wafunsa kuti akuti chiyani. Nditamasulira waseka mpaka kugwira pamimba. Kenako nkhope yabwerera ya ubwana. Akuti aganize.

Kuganiza chiyaninso? Zaonekeratu! Anthu a m'maofesi kuchedwa ngati basi ya Lamulungu.

Ndamuuza za inshuwalansi. Osati kuopseza. Chabwino, kuopseza pang'ono.

Lachitatu, 26 Malichi

Sabata yathunthu zii. Ndinayamba kale kutsanzikana ndi tebulo lija mumtima.

Lero Melissa wandiitana. Lamulo langa lilowa m'masewera, dzina langa m'kabuku ka malamulo. Lachisanu lililonse ndisamabwere ku Wembley, ndizikayesa masewera ndi mabanja kwathu kuno, ndipo liwerengedwa ngati tsiku la ntchito. Tsiku limodzi, osati awiri. Malipiro osasintha mpaka masewera atatuluka mu Okutobala. Wanena mosabisa kuti kampani ndi yaing'ono, sangalonjeze zambiri. Ndamuuza kuti za Okutobalazo alembe. Walemba.

Ndimafuna zambiri. Ndikufunabe. Koma lamulo la tebulo la ku Wembley lasweka, ndipo waliswa ndi ine. Etta akuti nayenso apempha lake.

Mantha ndi amayi. Aja anavina m'khitchini aja.

Lamulungu, 30 Malichi

Ndawauza amayi m'mawa akusita kuti ya inshuwalansi ija ndiikana. Simbi inangopitiriza kuyenda. Kenako ati sanasiye kwawo n'kudzasamalira okalamba a eni zaka zonsezi kuti mwana wawo azilandira ndalama ya maswiti. Zandilasa. Ndi zoona.

Ku tchalitchi sitinalankhulane. Kunyumba ndatsekula laputopu, ndalemba kwa a inshuwalansi kuti zikomo, koma ayi. Chala chili m'mwamba, osadina.

Amayi alowa osagogoda, ayang'ana pa sikirini, awerenga yonse. Ati, "Ndalama yake ndi yonyozeka, Mwiza. Okutobala akapanda kuwonjezera, ndikapita ndekha ku Wembley." Afika pakhomo n'kutembenuka. "Lachisanu ndapempha kale off. Uwauze amalume ako abwere ndi tayi."

Ndadina.