Ndikubwera ndi Madzi Anga

Okondedwa achimwene Deok-man,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo la amayi likuwalola kuyenda? Ine kuno ku Busan ndili bwino, kupatula kachifuwa ka mphepo ya padoko.

Uthenga wanu wandipeza kudzera kwa alamu, poti inu foni yanga simuyankha. Akuti ndisaponde pachilumba chathu tsiku lokumbukira imfa ya bambo ngati sindisiya ntchito ya makina amadzi amene tikufuna kumanga kwathuko. Akutinso kumsonkhano wa alimi anzanu oweta nkhono za m'nyanja munaimirira n'kunena kuti mlongo wanu akufuna kumwetsa anthu madzi a kuchimbudzi. Zinandipweteka, achimwene, ndipo mtima sunatsikebe.

Ndinu aakulu, koma ntchitoyi ndimagwira ndine, ndiye mundimvereko. Kuchotsa mchere m'madzi a m'nyanja n'kuwakankha mwamphamvu pa sefa, ndipo chodya ndalama ndi magetsi. Tsono ife timaika sefa ina patsogolo. Madzi otayidwa ochokera m'nyumba za anthu, oyeretsedwa kale, amadutsa okha pa sefayo n'kuchepetsa mchere wa a m'nyanja, makina n'kumakankha pang'ono. Otsala obwerera m'nyanja sakhala owawa ngati a makina akale, choncho nkhono zanu sizifa.

Sindikubisirani, sefa yowonjezerayo ndi yodula, imatsekekanso kawirikawiri. Mabwana anga anati chilumba chathu n'chaching'ono, ndalama sizingabwerere. Ndinawauza kuti akaone kaye mtengo wa magetsi kwathuko ndi wa sitima yobweretsa madzi pa chilala. Tinakokana mpaka anagonja. Ndiye ndisiye lero chifukwa inu mwatupa?

Chilimwe chatha ndinapeza amayi akutsukira kabichi wopangira kimchi, ndiwo yathu yowawasa ija, m'madzi otsukira mpunga, mpopi uli gwa. Nditawafunsa zosamba anaseka, amvekere, “Nkhalamba isambiranji, ikupita kwa ndani?” Inu munaseka nawo. Ine sindinaseke.

Pempho langa ndi limodzi. Musawanamize amayi kuti ntchito yandipanikiza. Muwauze nokha, ndi pakamwa panu, kuti mwana wawo mwamuletsa ndinu kudzagwadira bambo ake.

Koma dziwani kuti ndikubwera ndithu, pa sitima ya m'mawa. Ndanyamula botolo la madzi a m'makina athu, omwe ndimamwa tsiku lililonse, ndipo ndidzawathira m'mbale ya patebulo la nsembe yokumbukira bambo. Bambo anatha moyo wawo akudikira mvula. Ngati mukufuna kundibweza, mudzandibwezere padoko pomwepo, amayi akuona.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu amene mukuwasenzetsa mawu anu, kwa azakhali a kumtunda, ndi kwa ana onse.

Ndine mlongo wanu, mufune musafune,
Hyang-sun