Dothi la ku Namitete

Lolemba, 11 Malichi

Nthochi za achimwene a Lameck zikufota. Masamba achita chikasu, agwera m'mbali mwa thunthu. Zinayamba ndi zanga zitatu zija, zimene ndinabwera nazo kuchokera ku Namitete atamwalira amuna anga a Januario. Palibe wazindikira koma ine.

Chaka ndi miyezi iwiri kuno ku Nambuma, wocheza naye ndi kope lino basi.

Lachitatu, 13 Malichi

Kunabwera alangizi, mayi wamfupi wolankhula mothamanga. Anadula thunthu limodzi, m'kati muli mizere yofiirira. Akuti ndi tizilombo ta mtundu wa chuku ta m'dothi. Tizilomboti tikasowa chakudya sitifa ayi, timadzitsekera m'kachikopa kolimba n'kugona, zaka makumi awiri kaya atatu, kudikira nthochi ina. Anafunsa kuti, "Kodi alipo anabweretsa mbewu kapena dothi la kwina?"

Alamu a Gertrude anati, "Ife mbewu yathu ndi yakalekale."

Ine maso ku zala za kumapazi.

Lachinayi, 14 Malichi

Dothi la ku Namitete lija sindinalikutumule kumizu ya nthochi zanga, dala. Ndinawonjezeranso lina, theka la thumba. Dimba limene ndinatengamo dothilo analigalauza ndi a Januario, ndi manja awo. Abale awo anatenga nyumba ndi mbuzi, dothi palibe analifuna.

Loweruka, 16 Malichi

Alamu apita kudimba osandiitana. Mwina ndi maganizo anga chabe. Koma nthochi ndi zimene zikudyetsa nyumba ino, ine ndine wongosungidwa. Akadziwa n'kundiuza kuti ndinyamuke, ndilowera kuti? Ndikuopa, osanama.

Lamulungu, 17 Malichi

Kutchalitchi, benchi ya kumbuyo. Nyimbo inakana kutuluka.

Lachiwiri, 19 Malichi

M'mawa ndinawapeza achimwene akunola chikwanje paseli pa nyumba. Ndinagwada chapatali n'kunena zonse. Sanasiye kunola.

Kenako anati, "Malita, thumba lija linali lolemera. Unkaganiza kuti ndinalikweza panjinga kuchokera pasiteji osasuzumiramo?"

"Nanga bwanji simunandiletse?"

"Unali usanadye masiku atatu. Ndikanakulanda chiyaninso?"

Andipatsa chikwanjecho. Akuti zawo adula okha, koma zitatu zija sakhudzako, ndidule ndekha ndikakonzeka. Ndadula ziwiri. Yachitatu mawa, alamu ati andiperekeza.