Ndinadula maliboni a mamendulo a apongozi anga

Agogo,

Ndine telala. Ndimasoka pakhonde la golosale ina pa Bua, ndipo ndimakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Esitere. Singano yandidyetsa zaka khumi ndi ziwiri, koma ulendo uno yandilowetsa m'mavuto.

Apongozi anga aamuna, a Alufandika, anali kopolo m'gulu la asilikali a Keyala. Anamenya nkhondo ku Abisiniya ndi ku Bama. Anapita awiri ndi mng'ono wawo Stefano, koma anabwerako okha. Ali ndi mamendulo asanu, anayi awo ndi imodzi ya Stefano imene inatumizidwa nkhondo itatha. Chaka chilichonse mu Novembala amavala jekete lawo la khaki n'kukwera basi kupita pa boma, kukaima pamzere ndi asilikali anzawo akale pa tsiku lokumbukira amene anafera kunkhondo.

Chaka chatha Esitere anabwera nalo jeketelo kuti ndisokerere mabatani. Nditaona maliboni amene mamendulo amalendewerapo, chisoni chinandigwira. Anali osuluka, othothoka m'mphepete, ena odyedwa ndi mphemvu, ndipo mitundu yake sinkagwirizana n'komwe. Ndinati mumtima, munthu wamkulu chonchi akaime pamaso pa anthu ndi nsanza, mkamwini wake ali telala? Kufunsa sindikanatha. Inu mukudziwa, Agogo, mkamwini sangokhala pansi n'kuyamba kucheza ndi apongozi ngati mnzake wa pa bawo. Kwathu kuno zonse zimadzera mwa Esitere. Komanso ndisabise, ndinkafuna adzanditame. Ndinadula maliboni onse n'kuikapo atsopano, obiriwira, onyezimira, ofanana onse asanu. Akalewo ndinaponya m'thumba la zidutswa za nsalu zimene Esitere amaika m'mapilo.

Apongozi ali ndi ng'ala m'maso, ndiye sanaone kanthu. Anavala, tinapita tonse, ine ndinaima kumbuyo ndikudzimva. Kenaka mnzawo amene anali naye ku Bama, a Kalilu, anawayang'ana pachifuwa n'kunena kuti, "Akopolo, Bama wanu ali kuti? Ine apa ndikuona zovala za ukwati." Sananene mwachipongwe, ndi anthu oseleulana. Koma apongozi anapapasa liboni lililonse ndi zala, anavula mamendulo onse n'kuika m'thumba, ndipo anaima choncho mpaka mwambo unatha.

Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti mizere ya mitundu ija si yokongoletsera ayi, liboni lililonse limanena nkhondo yake. Esitere anandiuzanso kuti lipenga likamalira pa mwambowo, bambo ake ankagwira liboni la Stefano, limene ankalizindikira ndi kuthothoka kwake.

Sanandikalipire. Ndinatumiza tambala kudzera mwa Esitere, analandira, anadya. Tsopano Novembala wayandikira, ndipo auza mwana wawo kuti, "Chaka chino sindipita. Lipenga likalira ndikagwira chiyani?" Komabe mamendulowo amawapukutabe Lamlungu lililonse, ndipo sabata yatha anafunsa Esitere ngati makina anga akadali bwino. Kaya kumeneko n'kundinyoza, sindikudziwa. Manyazi andigwira, Agogo. Akapanda kupita, palibe wina amene akamuimire Stefano, ndipo wachititsa ndine. Ndisoke ena mwakachetechete, kapena ndingozisiya?

T. M., Bua, Nkhotakota

Mdzukulu wanga T. M.,

Mwakachetechetenso? Ayi. Kachetechete ameneyo ndiye wakufikitsa pano, lero ukufuna kumubwereza.

Mtima wako unali wabwino, zimenezo sindikukana. Cholakwa chako n'chakuti unalemekeza jekete n'kuiwala mwini jekete. Ulemu wa chipongozi umati usawazolowere, sunati ugwire zinthu zawo usanafunse. Ndipo tambala uja anapita m'mimba basi, sanakupepesere, chifukwa tambala salankhula.

Koma usataye mtima. Munthu amene wasiyadi za Novembala sapukuta mamendulo Lamlungu lililonse. Nkhalamba imene yakutaya siifunsa za makina ako. Pamenepo akutsegulira chitseko monga mmene mpongozi angathere, iwe ukuti akukunyoza.

Yamba ndi mapilo lero lomwe. Umufunse Esitere kuti zidutswa za m'thumba lija zinapita kuti, umasule pilo aliyense amene ali m'nyumba, ndipo ngati ena anapita kwa abale kapena kwa oyandikana nawo, ukawapemphe. Akuseka, inde, koma telala samwalira ndi kusekedwa, ndipo kuwasokanso ndi ntchito yako yomwe.

Ukatero, uitane ankhoswe ako akuperekeze kwa apongozi. Ntchito ya ankhoswe si milandu ya m'banja yokha. Ukakhale pansi, ukanene ndi pakamwa pako kuti unadula osafunsa ndipo unalakwa. Usayambe ndi zakuti unkafuna kuwakondweretsa, zimenezo akuzidziwa kale. Ukamaliza, uwapemphe akuuze mendulo iliyonse kuti ndi ya kuti, anailandira bwanji, ndipo imatsatana ndi iti pachifuwa. Esitere akhale ndi pensulo alembe. Ndikukayika ngati pabanja panupo alipo amene anawafunsapo zimenezi. Ambiri a ife asilikali athu akale timawaombera m'manja tsiku limodzi pachaka, masiku ena onse tilibe nthawi yowamvera.

A Kalilu usawasungire chakukhosi, akuthandiza ndi iwowo. Upite ukaone maliboni awo, ukajambule mizere yake bwinobwino papepala. Ukafikenso ku ofesi ya boma ufunse kalaliki kumene asilikali akale amalembera akafuna maliboni enieni. Sindikulonjeza kuti yankho lifika Novembala asanakwane. Likachedwa, munthu wa singano wa zaka khumi ndi ziwiri angathe kulumikiza timizere ta nsalu mpaka tifanane ndi ta a Kalilu, bola eni ake avomere. Makinawo ukawanyamule panjinga ukasokere pakhonde pawo, iwo akumva kulira kwake, akulamula ngati kopolo.

Liboni la Stefano likapezeka, usalichape, usalisite, usadule ngakhale kaulusi kamodzi. Ulipereke m'manja mwawo momwemo, anene okha pamene libwerere.

Pomaliza ndikuchenjeze, chifukwa atelala ndimakudziwani. Likapanda kupezeka, usayerekeze kuthothola nsalu yatsopano n'kuidetsa kuti ioneke yakale, poti maso awo saona. Zala zimene zagwira liboni limenelo zaka makumi atatu zidzadziwa, ndipo udzakhala utawalanda mng'ono wawo kachiwiri. Ukawauze zoona. Kenaka uwapemphe kuti tsikulo uwatsogolere ndiwe, uwakweze basi, uime pafupi nawo. Ine ndikukhulupirira kuti apita. Lipenga likalira iwo n'kusowa chogwira, mkono wako ukhale pomwepo.

Ndine agogo ako,
wodikira kumva kuti akopolo anaima pamzere.