Njinga ya Mkamwini wa ku Bethnal Green

Bethnal Green, London

Achemwali anga a Nuala,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kumudziko. Bondo lija likumavutabe kukazizira? Nanga alamu a Cathal, chifuwa chija chinawasiya? Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo, ndipo kuno ndilibe woti ndimuuze.

Anandibera njinga, yakuda ija munaiona pachithunzi, imene ndimapitira ku msika wa nsomba ndi kumanda kwa malemu mkazi wanga Queenie. Ndinaitsamiritsa pakhoma la sitolo ya nsomba za mikunga pamsewu wathu womwewu, masanasana. Potuluka ndinangopeza loko ali pansi atadulidwa, ndipo anthu onse amene anali pamenepo akuti sanaone kanthu.

Mwina muti njinga zimabedwa tsiku ndi tsiku m'tauni. N'zoona, koma osati ya munthu wa pamsewu uno. Akwawo a Queenie, mbadwa za dera lino zotchedwa a Cockney, ali ndi lamulo lawo: mnansi saberedwa, ndipo kupolisi sikupitidwa. Wina akatenga cha mnansi mosadziwa, mwini wake amangonong'oneza mkulu mmodzi kubala, kukacha katunduyo amapezeka pakhomo, popanda wofunsa mnzake. Ndinaziona ndi maso anga pamene inasowa wilibala ya mayi Dolly ogulitsa maluwa.

Mkulu wonong'onezedwayo masiku ano ndi mlamu wanga Wally, mchimwene wake wa Queenie. Ndinamuuza tsiku lomwelo, iye nati ndisadandaule, afunsafunsa. Kutacha, pakhomo panali botolo la mkaka lokha. Zinakhala choncho sabata yonse.

Kubala nako zinthu zasintha. Ndikangolowa amayamba chilankhulo chawo chokhotakhota chija, chimene amatulutsa akafuna kuti mlendo asatolepo kanthu, chomwe masitepe amati maapulo, wakuba n'kumati tsamba la tiyi. Aiwala kuti Queenie anandiphunzitsa, moti tinkanenera anthu miseche m'basi ali pomwepo. Zimene ankanena zinali za mpira basi, koma chimene chinandiwawa n'chakuti kale sankandibisira mawu.

Lamulungu ndinapita ku msika wa zakale, kumene Terry, mwana wa Wally, amagulitsa njinga. Ndinaipeza pakati pa zinzake ataipaka penti wobiriwira, fungo lake lisanathe n'komwe. Belu ndi lomwe lija Queenie anandigulira, ndipo chishalo ndinachisoka ndekha ndi ulusi wa ukonde.

"Terry, yobiriwirayi waitenga kuti?"

"Ndagula kwa bambo wina wake, ankolo. Yakusangalatsani? Inu ndikuchotserako, ndinu apachibale."

"Bambo wakeyo anabwereka ulusi wanga posoka chishalochi?"

"Ulusi umafanana, ankolo. Maso ayamba kutha eti? Magalasi akugulitsa pakona apo."

Anzake anaseka. Mkwiyo unandigwira, ndipo ndinamuuza kuti akafotokoza bwino kupolisi. Kuseka kunathera pomwepo. Ngakhale bambo wogulitsa mapoto, amene timapatsana moni kuyambira kale, anatembenukira kumbali n'kuyamba kupukuta poto woyera kale.

Lolemba Wally anabwera kunyumba, chinthu chimene sanachitepo chimwalirire mlongo wake. Tiyi anakana. Anati m'Cockney weniweni, wobadwira pomwe amamveka mabelu a tchalitchi cha Bow, sangatchule polisi ngakhale kutulo. Ndinamukumbutsa kuti ndakhala pamsewu uno kuyambira Terry asanabadwe, ndiponso kuti bokosi la mayi ake ndinanyamula nawo paphewa langali.

"Munanyamuladi, alamu," anatero, "ndipo tinathokoza."

Akulankhula choncho maso ake anali kuyendayenda m'nyumbamu, kudenga, kumazenera. Pakhomo anaima n'kunena kuti nyumba ngati ino imakula munthu akakhala yekha, ndipo mkazi wa Terry ndi woyembekezera, m'kachipinda kawo muli chinyontho. Achemwali, mwina ndikuganiza mopitirira, ukalamba umatero. Koma Terry njingayo amaidziwa bwino, ndinkamukweza pakeriyala ali wamng'ono. Sangaitenge mosadziwa, ndipo sangaitenge bambo ake asanagwedeze mutu.

Dzulo m'mawa ndinaipeza itatsamira pakhomo, monga mwa lamulo lawo, matayala atapopedwa bwinobwino. Ndisanamize, mtima unakhala pansi. Ndinati ndawaganizira zoipa pachabe, akundiwerengerabe ngati wawo. Ndinavala jekete n'kupita kubala kukathokoza. Wally sanadzuke n'komwe, ndipo nthawi ino analankhula mawu owongoka kuti ndimve bwino.

"Musathokoze, alamu. Tachitira Queenie."

Akulu anati mlendo ndi mame. Ine ndinkayesa kuti ndinaleka kalekale kukhala mlendo, osadziwa kuti amene ankandigwirira malo ndi uja ali kumandayo.

Pempho langa ndi limodzi. Mukapeza mpata, pitani ndi alamu kunyumba ya malemu bambo mukaone denga ndi chumuni, mundiuze ngati munthu angathe kugonamo nyengo yozizira ikubwerayi. Musauze anthu ku tchalitchi, sindinatsimikize. Chondigwira ndi manda a Queenie, chifukwa sindikudziwa ngati akwawo angamakalambulepo ine nditachoka.

Mundiperekere moni kwa alamu a Cathal, kwa azakhali a Bríd, kwa ana anu onse ndi kwa msuweni wathu Malachy. Mukayankha, lembani dzina langa lokha pa envulopu, osaika keyala ya kumudzi kumbuyo, chifukwa wamtengatenga wa pamsewu uno ndi mpongozi wa Wally.

Njinga tsopano ikugona kukhitchini, pafupi ndi mbaula. Penti wobiriwirayo sindinamuchotse.

Ndine mlongo wanu wokukumbukani,
Fintan