Tsitsi la Tutai Lapita

Bambo a Tutai,

Mukadzuka musandifunefune. Ndapita kukatenga mwana wathu kwa mnzake Lachlan kumene anagona, pamodzi ndi tsitsi lake ngati sanalitaye kale.

Ee, tsitsi. Mayi ake a Lachlan andiimbira foni uku akuseka, akuti anyamata ankasewera zometana, ndiye Tutai amumeta mpala. "Musadandaule, limeranso!" Limeranso pofika Loweruka? Tsitsi limeneli ndakhala ndikuliluka kuyambira ali khanda, kudikira mwambo wakwathu wometa mwana wamwamuna koyamba, umene uchitike Lowerukalo. Achibale akubwera kuchokera kwathu ku Rarotonga kuti aliyense adzadule kagawo kake komangidwa ndi riboni. Adzadula chiyani tsopano?

Ndinakuuzani kuti asakagone kwa anthu osadziwa zakwathu. Inu nʼkumati, "Usiku umodzi wokha, Moeroa, ana a kuno ku Cairns amatero." Ndi umenewutu usiku wanu umodziwo.

Galimoto ndatenga, pepani, kutchalitchi mupite wapansi. Amayi anu muwaimbire nokha asanakwere ndege, ine pakamwa panga sipatuluka zimenezi. Ndikanati tidzamete lanu mʼmalo mwake, koma dazi lanulo ngakhale pomanga riboni imodzi palibe.

Moeroa